Kupweteka kwa msana: zimene manja a katswiri wa mafizo angathe ndi pamene amalekeza

Mvula ikakhazikika m'boma la Mulanje, ntchito zolemetsa msana zimabwerera pamodzi. M'minda ya tiyi ya m'tsinde mwa phiri, masamba amaphuka mofulumira kuyambira mu Disembala mpaka cha mu Epulo, ndipo othyola tiyi amakhala chiwerame kuyambira m'mawa, dengu lili kumsana. Nyengo yomweyo alimi a m'midzi yozungulira Mulanje Mission amakhala akupalira ndi kubandira chimanga ndi khasu la mpini waufupi. Ena amasenza matabwa kuchokera kuphiri, ena amapalasa njinga atamangirira thumba la makilogalamu 50, pomwe amayi amasenza chigubu cha malita 20 mwana ali kumbuyo. Kwa munthu amene malipiro ake amadalira kulemera kwa tiyi amene wathyola tsikulo, msana ukagwira ndiye kuti pakhomo pavuta.

Vutoli silikhudza Mulanje yekha. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti m'chaka cha 2020 anthu 619 miliyoni ankamva kupweteka m'munsi mwa msana, ndipo chiwerengerochi chikuyembekezeka kufika 843 miliyoni pofika 2050, makamaka ku Africa ndi ku Asia. Palibe vuto lina la umoyo limene limalepheretsa anthu ambiri kugwira ntchito zawo kuposa limeneli. Bungweli likutinso mwa anthu 100 alionse odwala msana, pafupifupi 90 sapezeka ndi nthenda yeniyeni kapena chiwalo chowonongeka chimene dokotala angaloze. Gulu lalikulu limeneli ndi limene limathandizidwa ndi mafizo, kuphatikizapo njira zimene katswiri amagwiritsa ntchito manja ake okha.

Mmene msana udapangidwira

Msana wa munthu uli ndi timafupa 33 tosanjikizana kuyambira pakhosi mpaka kumapeto kwa chiuno. Mwa timeneti, 5 ta m'munsi, pakati pa nthiti ndi chiuno, ndi timene timasenza kulemera kwa thupi ndi katundu amene munthu wanyamula. Achipatala amatitchula ndi zilembo L1 mpaka L5. Pakati pa fupa ndi fupa pali kachidutswa kofewa, kolimba kunja koma kowiwira mkati, kotchedwa disiki, kamene kamachepetsa kugundana kwa mafupa. Kumbuyo kwake kuli timfundo ting'onoting'ono timene timalola msana kupindika ndi kupotoka. Zonsezi zimagwiridwa ndi minofu ya msana, ya m'mimba ndi ya m'matako.

Mkati mwa mafupawa mumadutsa mitsempha yochokera ku ubongo. M'munsi mwa msana mitsemphayi imatuluka n'kulowera m'miyendo, m'chikhodzodzo ndi m'njira ya chimbudzi. Disiki ikatumphuka n'kukhudza mtsempha, zimene zimachitika kawirikawiri pakati pa L4 ndi L5 kapena m'munsi mwa L5, ululu umatsika kudzera m'thako, kumbuyo kwa ntchafu mpaka kuphazi, nthawi zina pamodzi ndi dzanzi.

Achipatala amagawanso ululu potengera nthawi. Umene sunapitirire masabata 6 ndi watsopano, ndipo anthu ambiri amapeza bwino mkati mwa nthawi imeneyi ngakhale vutolo limakonda kubwereranso. Ukapitirira masabata 12 umatengedwa kuti ndi wamgonagona, ndipo umafuna chisamaliro chokhudza thupi, maganizo ndi kagwiridwe ka ntchito.

Kufufuza kumayamba, manja amatsatira

Katswiri wa mafizo wophunzira bwino sayamba ndi kutikita. Amafunsa mmene ululu udayambira, zimene zimauonjezera, zimene zimauchepetsa, ngati umadzutsa munthu usiku, ndi matenda ena amene wodwalayo ali nawo. Kenaka amamuona akuyenda, akuwerama ndi akupindikira cham'mbuyo. Amayesa mphamvu ya miyendo ndi ya zala za kuphazi, amaona ngati khungu likumva kukhudza, ndipo amakweza mwendo wowongoka wodwala atagona chagada pofuna kudziwa ngati mtsempha wapanikizika.

Cholinga chachikulu cha mafunsowa ndi kupatula anthu ochepa amene ululu wawo ukuchokera ku nthenda yoopsa. M'Malawi muno, imodzi mwa nthenda zotere ndi chifuwa chachikulu cha m'mafupa a msana, chimene dokotala wa ku England, Percivall Pott, adachilongosola mu 1779. TB yotereyi imadya fupa pang'onopang'ono, munthu amaonda, amatuluka thukuta usiku, thupi limatentha, ndipo pakapita nthawi pamsana pamatuluka linunda losongoka. Ikachedwa kupezeka miyendo imafa. Anthu amene ali ndi kachirombo ka HIV ali pachiopsezo chachikulu. Kukanikiza mwamphamvu fupa lotere kungathe kulithyola, pomwe mankhwala a TB, amene amaperekedwa mwaulere m'dziko muno, amachiza nthendayi ikapezeka msanga.

Pali zizindikiro zimene zimafuna kuti munthu afike kuchipatala tsiku lomwelo: kulephera kukodza kapena kudziwonongera mosazindikira, dzanzi pakati pa miyendo ndi pomwe munthu amakhalira, ndi kufooka kwa miyendo kumene kukukulirakulira. Izi zimasonyeza kuti mitsempha ya kumapeto kwa msana yapanikizika, ndipo nthawi zambiri pamafunika opaleshoni yachangu. Kuchedwa kwa masiku ochepa kungasiye munthu wolumala moyo wake wonse. Ena oyenera kupimidwa msanga ndi amene agwa mumtengo, pa njinga kapena m'phiri, amene adadwalapo khansa, okalamba amene msana wayamba kupweteka mwadzidzidzi, ndi amene ululu wa m'chiuno ukubwera ndi kutentha thupi, kuwawa pokodza kapena magazi mumkodzo, chifukwa gwero lake likhoza kukhala impso, likodzo kapena matenda a m'chiberekero.

Ngati zizindikirozi palibe, kujambula ndi X-ray nthawi zambiri sikusintha chithandizo. Kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana adaonetsa kuti anthu ambiri amene samva ululu uliwonse akajambulidwa amapezeka ndi disiki yotumphuka kapena mafupa operepeseka chifukwa cha msinkhu. Chithunzi chotere chingachititse munthu mantha ndi kumuletsa kugwira ntchito popanda chifukwa.

Njira zogwiritsa ntchito manja

Njira yodziwika kwambiri ndi kutikita minofu. Wodwala amagona chafufumimba kapena chammbali, ndipo katswiri amasisita, kukanya ndi kufinya minofu ya m'mbali mwa msana, ya m'chiuno ndi ya m'matako ndi zikhatho kapena zala zazikulu. Amayamba mopepuka n'kumaonjezera mphamvu malinga ndi mmene wodwala akumvera. Kutikita kumamasula minofu yokungika ndi kuchepetsa ululu kwa kanthawi. Akapeza kamfundo kolimba m'minofu, kamene kakakhudzidwa ululu umamveka mpaka malo ena, amakakanikiza ndi chala kwa masekondi angapo mpaka kuwawako kutazirala. Dokotala wa ku America, Janet Travell, ndi amene adatchukitsa maphunziro a timfundo timeneti.

Njira yachiwiri, yotchedwa mobilisation, imalunjika pa mfundo za mafupa. Katswiri amaika mphepete mwa chikhatho pa fupa limodzi la msana n'kumakankha ndi kubweza pang'onopang'ono, mobwerezabwereza, kwa theka la mphindi kapena mphindi imodzi. Geoffrey Maitland wa ku Australia, amene adatulutsa buku lake lokhudza njirayi mu 1964, adagawa kakankhidweka m'magawo anayi. Awiri oyamba ndi opepuka ndipo ndi ochepetsera ululu. Lachitatu ndi lachinayi amafika pomwe mfundo yauma, ndipo ndi obwezeretsa kupindika. Ubwino wa njirayi ndi woti wodwala akhoza kuuza katswiri kuti aime nthawi ina iliyonse. Akamaliza, katswiri amauza wodwala kuti awerame monga adachitira poyamba, kuti aone ngati pali kusintha.

Njira yachitatu ndi manipulation, imene anthu ambiri amaidziwa chifukwa cha kulira kwa msana. Wodwala amagona chammbali, bondo lapamwamba litapindidwa, phewa litatembenukira kumbuyo. Katswiri amafikitsa mfundo pamapeto pa kupotoka kwake, kenaka amakankha kamodzi, mwachangu, pa mtunda waufupi kwambiri. Phokoso limene limamveka limachokera ku mpweya wa m'madzi a mu mfundo, monga zimachitikira munthu akamaliza zala. Palibe fupa limene lidachoka m'malo n'kubwezedwa, ndipo kupambana kwa chithandizo sikuyezedwa ndi phokosolo. Njirayi imafuna maphunziro apadera, ndipo siichitidwa pa munthu wa mafupa ofooka, wothyoka, wa TB kapena khansa ya m'mafupa, amene miyendo ikufooka, kapena amene akumwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi.

Brian Mulligan wa ku New Zealand adayambitsa njira ina m'zaka za m'ma 1980, imene imaphatikiza dzanja la katswiri ndi kuyenda kwa wodwala. Wodwala amakhala pansi kapena kuimirira, katswiri amachirikiza fupa limodzi ndi dzanja, ndipo wodwalayo amawerama yekha kulowera kumene kumapweteka. Lamulo lake ndi loti ululu uyenera kutha pamene akuchita zimenezi. Ukapitirira, katswiri amasintha malo kapena kusiya njirayo.

Palinso njira imene wodwala amagwiritsa ntchito mphamvu yake. Katswiri amakoka mnofu wofupika, monga wa kumbuyo kwa ntchafu kapena wa kutsogolo kwa chiuno, mpaka pomwe wayamba kukana. Wodwala amakankha dzanja la katswiri mopepuka kwa masekondi 5 mpaka 10, kenaka amamasuka, ndipo mnofuwo umalola kukokedwa mopitirirapo pang'ono. Kwa amene ululu umatsikira kumwendo, katswiri amatha kupinda ndi kuwongola bondo ndi phazi mosinthanasinthana kuti mtsempha uzitsetsereka momasuka m'njira yake.

Njira ya Robin McKenzie, wa ku New Zealand yemwenso, imasiya ntchito yaikulu m'manja mwa wodwala. Mu 1956 mumzinda wa Wellington, wodwala wina adagona chafufumimba pa bedi lopimira limene mbali ya kumutu idali yokwezedwa, msana n'kupindikira kumbuyo, ndipo ululu umene udali kumwendo udabwerera pakati pa msana. McKenzie adazindikira kuti ululu ukamachoka kumwendo kubwerera kumsana ndi chizindikiro chabwino, pomwe ukamatsikira kuphazi ndiye kuti kachitidweko sikakuyenera munthuyo. Katswiri amafufuza mbali imene ikuthandiza, kumbuyo, kutsogolo kapena m'mbali, n'kuphunzitsa wodwala kubwereza yekha kunyumba. Amaonjezera mphamvu ya manja ake pokhapokha ngati zimenezi sizikukwanira.

Zimene kafukufuku akunena

Njira zamanja zimachepetsa ululu kudzera m'mitsempha ndi ubongo. Kukhudza ndi kugwedeza mfundo kumachepetsa mphamvu ya uthenga wa ululu, minofu imamasuka, ndipo munthu amalimba mtima n'kuyambanso kuwerama. Phindu lake ndi lapakatikati ndipo limakhala kwa nthawi yochepa, lofanana ndi la njira zina zovomerezeka. Si zachilendo kumva kuphwanya pamalopo kwa tsiku limodzi kapena awiri.

N'chifukwa chake bungwe la NICE, limene limapereka malangizo a zachipatala ku England, lidanena mu 2016 kuti njira zamanja zizigwiritsidwa ntchito pokhapokha ngati zikuyendera limodzi ndi masewera olimbitsa thupi. Mu Disembala 2023, WHO idatulutsa malangizo ake oyamba okhudza ululu wamgonagona wa m'munsi mwa msana. Idavomereza kuphunzitsa wodwala za vuto lake, masewera olimbitsa thupi, kutikita, manipulation, uphungu wa maganizo ndi mankhwala ena ochepetsa ululu. Idalangiza kuti anthu ambiri asapatsidwe malamba omanga m'chiuno, asakokedwe msana ndi makina, ndiponso asapatsidwe mankhwala amphamvu a mtundu wa morphine.

Tanthauzo lake kwa wodwala ndi loti manja a katswiri amatsegula mpata woti ayambe kuyenda ndi kugwira ntchito, koma kuchira kokhalitsa kumadalira zimene akuchita yekha tsiku ndi tsiku. Munthu akapita kangapo osaona kusintha kulikonse, ndi bwino kuti apimidwenso m'malo momangolipira ulendo ndi ulendo.

Zimene anthu amachita kumudzi

Kuthowa ndi nsalu yoviika m'madzi ofunda ndi chizolowezi chakale, ndipo chimathandizadi pa ululu watsopano, bola madziwo asakhale owotcha, makamaka kwa odwala shuga amene khungu lawo silimva bwino kutentha. Kusisitana ndi mafuta m'banja kulibe vuto ngati munthuyo alibe zizindikiro zoopsa zija. Kuuza mwana kuti aponde pamsana, kapena kulola mnzako kukunyamula n'kukugwedeza kuti msana ulire, n'koopsa chifukwa wochitayo sadziwa mmene mafupawo alili. Kutemera mphini kumatsegula khomo la matenda ngati lumo ndi lobwerekana, ndipo kumadya masabata amene TB ya msana ikadapezeka.

Mankhwala monga brufen, diclofenac ndi indocid amagulitsidwa m'misika ndi m'magolosale, ndipo ambiri amamwa m'mawa uliwonse asanapite kumunda. Amathandiza kwa masiku ochepa, koma akamwedwa kwa nthawi yaitali amayambitsa zilonda za m'mimba, amakweza kuthamanga kwa magazi ndi kuwononga impso. Amayi oyembekezera, okalamba, odwala BP, shuga kapena impso, ndi amene ali pa ma ARV ayenera kufunsa achipatala asanayambe kumwa. Paja akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Kumene thandizo limapezeka

Kwa anthu a ku Mulanje Mission, poyambira ndi chipatala cha mishoni, chimene ndi cha mpingo wa CCAP mu sinodi ya Blantyre ndipo chili pansi pa bungwe la zipatala za mipingo la CHAM. Mishoniyi idayambitsidwa ndi amishonale a ku Scotland chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo pamalopa palinso sukulu ya anamwino ndi azamba. Kuboma kuli chipatala chachikulu cha boma la Mulanje. Kulikonse kumene munthu wayambira, chofunika ndi kupimidwa kaye, kulembedwa m'buku la kuchipatala, ndi kufunsa kuti atumizidwe kwa amafizo. Ofuna madokotala a mafupa ndi mitsempha amatumizidwa ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, mtunda wa makilomita oposa 60.

Akatswiri a mafizo akadali ochepa m'dziko muno, ndipo ambiri ali m'mizinda. Kwa zaka zambiri ntchitoyi idatsamira pa bungwe la MAP, limene lidayamba mu 1979 pothandiza olumala ndi poliyo ndipo linkayendetsa malo a Kachere ku Blantyre. Maphunziro a digiri ya mafizo adayamba mu 2010 ku College of Medicine, imene mu 2021 idakhala mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Ogwira ntchitoyi amalembetsedwa ndi Medical Council of Malawi, ndipo wodwala ali ndi ufulu wofunsa ngati amene akufuna kumugwira msana ali m'kaundula wa bungweli. Malo otikita minofu amene achuluka m'matauni akhoza kupumitsa thupi, koma ogwira ntchito kumeneko nthawi zambiri sadaphunzire kuzindikira matenda.

Kwa olembedwa ntchito, lamulo la zantchito la 2000 limapereka tchuthi cha matenda cha masabata 4 pa malipiro onse ndi masabata 8 pa theka la malipiro pa chaka, kwa amene wagwira ntchito miyezi 12 mosadukiza ndipo ali ndi kalata ya kuchipatala. Ogwira ntchito ya nyengo imodzi nthawi zambiri safika miyezi imeneyi, choncho masiku ogona amakhala masiku opanda ndalama. Wovulala ali pantchito ayenera kudziwitsa bwana wake msanga ndi kusunga kalata za kuchipatala, chifukwa lamulo la chipukuta misozi cha ogwira ntchito, la chaka chomwecho cha 2000, limadalira umboni wotere.

Zochita kunyumba ndi kumunda

Msana ukagwira, kupuma tsiku limodzi kapena awiri n'kokwanira. Kugona masiku ambiri kumafooketsa minofu ndi kuchedwetsa kuchira. Kuyenda pang'onopang'ono, kangapo pa tsiku, ndi mankhwala oyamba. Pogona chagada, kuika pilo kapena chitenje chopinda pansi pa mawondo kumapeputsa msana, ndipo pogona chammbali chimaikidwa pakati pa mawondo. Podzuka pa mphasa, munthu atembenukire chammbali kaye, kenaka adzikankhe ndi manja.

Masewera amene amafizo amaphunzitsa safuna zipangizo. Munthu amagona chagada n'kukokera mawondo pachifuwa. Amagona atapinda mawondo n'kumawagwetsera kumanja ndi kumanzere. Amakweza matako m'mwamba mapazi ali pansi, kuwerenga mpaka 5, n'kutsitsa. Amagwada manja ali pansi n'kumakweza ndi kutsitsa msana. Kumva kukoka pang'ono kulibe vuto, koma ululu ukayamba kutsikira kumwendo aleke ndi kukafunsa.

Kumunda ndi kuntchito, chothandiza kwambiri ndi kusinthasintha kakhalidwe ka thupi. Wopalira kapena wothyola tiyi aziweramuka pakapita kanthawi, kuika manja m'chiuno ndi kupindikira kumbuyo kangapo. Kukhuthula dengu lisanadzaze kwambiri kumachepetsa katundu wa pamsana, ndipo mpini wotalikirapo umachepetsa kuwerama. Thumba la makilogalamu 50 alinyamule anthu awiri kapena aligawe, katundu akhale pafupi ndi thupi, ndipo munthu asapotoke atanyamula. Wa mu ofesi kapena woyendetsa minibasi naye aziimirira ndi kuyendako akakhala nthawi yaitali. Kusuta fodya, kunenepa kwambiri, kusowa tulo ndi nkhawa zimachedwetsa kuchira.

Munthu amene wachita zonsezi koma ululu sukusintha pakatha masabata 6, kapena amene wayamba kuonda, kutentha thupi, kufooka miyendo kapena kuvutika pokodza, abwerere kuchipatala ndi buku lake ndipo afotokoze momveka zizindikiro zatsopanozo, ngakhale atakhala kuti adapimidwa kale.